Buku limene anati linadyedwa ndi chiswe

Lachiwiri, 7 Novembala 2023

Atigoneka. A nesi a Angella andiuza kuti ndizilemba nthawi imene mwana wamwa mkaka ndi kuchuluka kwake. Ndatenga kope limene ndinkakonzeramo maphunziro a Sitandade 4. Kumbuyo ndizilembako za mkaka, kutsogolo kuno zanga.

Mwana anabadwa Loweruka m'mawa pachipatala chaching'ono cha kwathu, kufupi ndi Mtakataka. Wamwamuna, makilogalamu 2.9. Lamulungu anatitulutsa. Masana ake ndinaona kuti m'maso mwake simoyera. Ndinawaonetsa amayi, iwo anati ana ambiri amatero, ndizimuika padzuwa la m'mawa. Amuna anga a Dismas anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Tione mawa." Lolemba chikasu chinatsikira pachifuwa mpaka pamimba. Iwo anati tidikirebe tsiku lina.

Lero m'mawa mwana wakana bere, wangolefuka. A Dismas omwewo ndi amene anathamanga kukaitana njinga yamoto, malaya osamanga mabatani.

Adokotala adina chala pamphumi, pamimba, mpaka kuphazi. Paliponse pakutsala mtundu wa papaya wakupsa. Atenga magazi ake ndi anga. Nambala ya chikasu ndi 22. Akuti ikafika 25 tipita ku Lilongwe akamusinthe magazi onse.

Ali mu nazale, pansi pa magetsi a buluu, wavala thewera lokha, kumaso ammanga kansalu. Akuti kuwalako kumaphwanya chikasu kuti chituluke ndi mkodzo ndi chimbudzi, ndipo dzuwa la pakhonde lija silikanatha ntchito imeneyi. Ndikukama mkaka m'kapu, akumupatsa kudzera m'kachubu ka m'mphuno maola awiri aliwonse.

Amayi ali kugadiyani, kumene amagona odikirira odwala. Kwatentha kwambiri.

Lachitatu, 8 Novembala

Chikasu 23. Sikelo 2.7. Awonjezera nyali ina pambali.

Woyandikana naye bedi ndi amake Saidi, akazi a msodzi. Mwana wawo wachinayi anabadwa miyezi isanakwane, ndiye amakhala naye pachifuwa tsiku lonse, womangidwa ndi chitenje. Andigawira usipa wokazinga umene apongozi awo anabweretsa. Akuti, "Idyani, aphunzitsi, mkaka suchokera m'misozi."

Adokotala anandiitanira m'kachipinda kawo. Anafunsa kuti mimba iyi ndi yachingati. Ndinati yachitatu. Yoyamba inapita padera ili ndi miyezi itatu, kunyumba. Yachiwiri ndi ya mwana wamkazi amene ndinabereka mu 2021, anakhala masiku asanu.

"Anamwalira ndi chiyani?"

"Chibayo."

"Anakuuzani ndani?"

"Amuna anga ndi amayi anga."

Ndinawafotokozera kuti nthawi ija ndinataya magazi ambiri, anatitumiza kuchipatala china chachikulu, ine wodi yanga, mwana yake. Ndinamuona kawiri kokha, ndili kutali ndi nzeru zanga. Pamene ndinkatsitsimuka n'kuti atamuika kale.

"Anali wachikasu?"

"Sindikudziwa."

"Buku lanu lakuchipatala lakale lili kuti?"

"Linadyedwa ndi chiswe. Amuna anga anataya zotsala zake. Ili ndinayamba nalo pa sikelo ya mimba iyi."

Ndiye anandiuza zotsatira. Magazi anga ndi a gulu losowa, O negetivu. A mwana ndi pozitivu, anatengera bambo ake. Asilikali a m'thupi langa amaona magazi oterewa ngati mdani, anadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba, ndipo mpaka pano akuphwanya magazi ake. Zophwanyikazo ndizo chikasu. Akuti pali jakisoni amene akanaletsa zonsezi ndikanabayidwa nditangopita padera, koma tsopano nthawi yake inadutsa.

Ndinati, "Ndiye kuti ndine ndikumupha?"

Anati ayi, palibe amene amasankha magazi ake, ndipo mkaka wanga ulibe vuto, ndisasiye kukama.

Nthawi ya alendo anawafunsa a Dismas za mwana woyamba uja. Iwo anakanda kumutu. "Papita nthawi, adokotala. Mutu unali utazungulira." Ndinawamvera chisoni. Bokosi la mwana uja anakhoma okha, poti ndi akalipentala, ndipo sitinakambepo za iye chikhalire.

Lachinayi, 9 Novembala

Chikasu 23. Sichikukwera, sichikutsika.

Akufuna chiphaso changa cha unzika kuti alembetse mwana. Ndamuimbira mng'ono wanga Jenifa ku Golomoti kuti adzere kunyumba akanditengere, pamodzi ndi zitenje.

Masana

Jenifa wafika cha m'ma 2. Sanakhale pansi. Anati, "Achemwali, tiyeni panja."

Chiphaso sanachipeze m'sutikesi, ndiye anatsegula kabokosi ka a Dismas ka pansi pa bedi, momwe amasungamo masatifiketi. Chinali momwemo. Pansi pake panali jumbo yakuda, yopinda bwinobwino. M'jumbomo munali buku langa lakale.

Chiswe sichinalikhudze ngakhale pakona.

Ndawerenga nditatsamira khoma la nazale. Tsamba lomaliza alemba ndi cholembera chofiira, m'Chingerezi chosavuta, chimene ngakhale mwana wanga wa Sitandade 4 angamve pang'ono. Mwana wamwalira ndi chikasu choopsa. Mayi ndi O negetivu. Mimba ina iliyonse achirire kuchipatala chachikulu, mwana ayezedwe akangobadwa, aikidwe pa magetsi tsiku lomwelo. Pansi pake alemba kuti: zafotokozedwa kwa mwamuna wake ndi kwa mayi ake a wodwala, amva.

Amva.

Ndawerenga katatu. Kenako nthawi yokama inakwana, ndinalowa. Mkaka sunatuluke. Dzulo ndinkadzaza theka la kapu, lero madontho okha.

Ndapereka bukulo kwa adokotala. Anawerenga, n'kundiyang'ana. Ndinawafunsa ndine: "Mukanaliona bukuli ndili ndi mimba, zikanasintha?"

Anati, "Mayi, chikasucho chikanabwerabe. Koma tikanachidikirira pakhomo. Akanalowa pa magetsi Loweruka, osati Lachiwiri."

Lachisanu, 10 Novembala

Chikasu 24. Ambulansi yauzidwa kuti ikhale tcheru. Mwana akulira mosiyana, kakulira kosongoka ngati ka mwana wa mphaka. A nesi a Angella akumuyang'ana khosi kawirikawiri ngati likupindikira kumbuyo. Sanandiuze chifukwa, koma ndaona. Amuika dilipi.

Ndawapempha kuti abatizidwe. Anaitana akatekisiti, iwo anabwera ndi madzi m'kabotolo. Sitinazimitse magetsi, anangolowetsa dzanja. Anafunsa dzina. A Dismas ankafuna Frank, dzina la bambo awo. Ine ndinati Ephraim. Sindinafunse munthu.

Kenako ndinapita kugadiyani. Amayi anali pansi pa mtengo wa mango, akusankha mpunga m'lichero. Ndinakhala pambali pawo n'kuwauza kuti buku lapezeka.

Manja anaima.

"Buku liti?"

"Amayi, musandinamize kachiwiri."

Anaika lichero pansi. Anayamba kulira asanayankhule. Zimene ananena ndazilemba monga momwe ndikukumbukira.

"Mwana wanga, unali pafupi kufa. Adokotala aja atanena kuti magazi anu sagwirizana, apongozi anga, amuna akowa, anandigwadira pakhonde pomwepo. Anati, amayi, akamva amalume ake banja latha, adzati tiwalekanitse ana awa asamalize ana kumanda. Anati tidikire uchire, tidzakuuza. Utachira anati tidikire usiye kulira. Kenako unatenga mimba, ndiye tikanakuuza bwanji uli ndi mimba?"

"Nanga Lamulungu, pamene ndinakuonetsani maso ake?"

"Ndinkaganiza kuti n'chachabechabe chija, chimene ana onse amakhala nacho. Tinali titakupatsa mankhwala."

"Mankhwala ati?"

Madzi owawa aja amene ankandimwetsa mwezi wachisanu ndi chitatu, n'kumati ndi ofewetsa njira. Anali ochokera kwa munthu wina wa kuphiri, a Dismas ndi amene anakatenga. Akuti osambitsa magazi kuti agwirizane. Ine ndinkamwa, n'kumathokoza.

"Munauona mwana wanga woyamba ali wachikasu, amayi?"

"Ndinamuona."

"Ngati uyu?"

"Ngati uyu."

"Ndiye munandiuza kuti ndimuike padzuwa."

Anafuna kundigwira dzanja, ndinaimirira. Amayi anandibereka, anandisambitsa nditataya magazi, anagona pansi pa simenti sabata zitatu chifukwa cha ine. Zonsezo n'zoona. Izinso n'zoona.

Ayezanso madzulo. 24 yomweyo.

Loweruka, 11 Novembala

Chikasu 21.

A nesi a Angella anabwera okha kudzandiuza, pepala lili m'manja. Amake Saidi anati, "Alhamdulillah," mokweza mpaka mwana wawo anadzidzimuka. Ambulansi yapita ndi munthu wina.

Mkaka wabwerera pang'ono. Amake Saidi anandiuza kuti ndizikama nditakhala pafupi ndi mwana, ndikumuyang'ana, osati pabedi. Zathandiza.

A Dismas abwera nthawi ya alendo ndi thobwa ndi nthochi. Amayi anali atawauza kale, zinkaoneka pa mayendedwe. Tinakhala pabenchi kuseri kwa wodi. Anayamba ndi kunena za Jenifa, kuti sanayenere kutsegula kabokosi ka mwamuna wa mwini.

Ndinati, "Mwayenda ulendo wonsewu kudzanena zimenezo?"

Kenako anati, "Katerina, ndinkaopa kukutaya."

"Mwana simunkaopa kumutaya?"

"Ndinkapemphera. Ndinachita mapemphero a novena katatu. Ndinkati mwina adokotala aja analakwitsa, mwina uyu atengera magazi ako."

"Lamulungu munamuyang'ana m'maso. Munaona chiyani?"

"Ndinaona."

"Lolemba?"

"Ndinkadziwa kuti tikabwera kuno afunsa za buku."

Mawu amenewo ndi amene andipweteka kuposa onse. Masiku awiri mwana ankapsa m'kati, bambo ake akuyeza chimene chili cholemera: moyo wake kapena manyazi awo.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanaliwotche bukulo, poti anali atanena kale kuti linadyedwa. Anati analitenga kawiri kupita nalo kudzala, n'kubwerera nalo. "Muli dzina lako ndi tsiku limene mwana uja anabadwa. Palibenso kwina kumene analembedwa."

Ndikanakonda akanakhala munthu woipa basi, womenya, woledzera, kuti ndidziwe pomuika. Zaka zisanu ndi chimodzi sanandikwezerepo mawu. Ndi munthu yemweyo amene ankandiperekeza ku sikelo mwezi ndi mwezi, kukhala pabenchi, kumva a nesi akundifunsa ngati panali vuto pa mimba zakale, ine n'kumayankha kuti chibayo.

Anapempha kuona mwana. Ndinawalola aone pawindo. Anafunsa kuti pakhadi alembapo chiyani. Ndinati Ephraim. Anagwedeza mutu, sanatsutse.

Thobwa ndapatsa amake Saidi.

Lamulungu, 12 Novembala

Chikasu 18. Achotsa nyali imodzi. Dilipi yatha.

Nyimbo za Misa zikumveka mpaka muno. Sindinapite. Amayi anabweretsa phala, anasiya pa loka, anaima pang'ono, n'kutuluka. Ndadya chifukwa cha mkaka.

Ndakhala ndikuganiza za mwana wamkazi uja. Zaka ziwiri ndakhala ndikudziimba mlandu kuti mwina ndinamuzizitsa, mwina ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamufunditsa. Mwezi wa Juni uliwonse ndinkalira chibayo chimene kunalibe. Iwo ankandiona.

Lolemba, 13 Novembala

Chikasu 15, koma magazi achepa, akuti ali pa 7. Milomo yake yayera. Adokotala akuti n'zoyembekezeka, poti magazi ambiri anaphwanyika, ndipo afunika kumuwonjezera pang'ono.

A Dismas anali panja. Atamva analowa okha kwa adokotala, dzanja la malaya atapinda kale. "Tengani anga, onse amene mukufuna."

Adokotala anati, "Bambo, anu sangathandize. Asilikali aja akadali m'thupi la mwana, magazi a mtundu wanu ndi amene amawaphwanya."

Anga nawonso sangathandize, ndiwo ali ndi asilikaliwo. Magazi abwera masana kuchokera kosungira, kathumba kakang'ono, ka munthu amene sitidzamudziwa. Anayamba 2 koloko, anamaliza cha m'ma 6. Milomo yafiira.

Potuluka ndinawapeza a Dismas akadali pabenchi, dzanja la malaya lili chipindire.

Lachiwiri, 14 Novembala

Chikasu 12. Sikelo 2.8.

Azimitsa magetsi. Amumasula kansalu kumaso, mphira wasiya kamzere pamphuno. Anaphethira nthawi yaitali asanatsegule. Wayamwa yekha bere la kumanzere mphindi zisanu ndi ziwiri. Kachubu achotsa.

A nesi a Angella anafunsa ngati ndili ndi abale aakazi amene sanayezetsepo gulu la magazi. Jenifa ali ndi ukwati pa Pasaka, ndi Gidiyoni wa kusitolo ya njinga. Ndinamutuma ku labu. Wabwera ndi kapepala: O negetivu, ngati ine.

Amayi anali pomwepo. Anakhala pansi pa simenti mwadzidzidzi. Zaka ziwiri zonsezi sanaganizepo kuti chinsinsi chawo chikhoza kudzagwiranso mwana wawo wina.

Jenifa anangotulutsa foni pamaso pa tonse. "Gidi, tamvera. Ndayezetsa magazi. Mawa upite nawenso ukayezetse, ndipo tikadzakhala ndi mimba pali jakisoni amene ndiyenera kudzabayidwa, usadzaiwale." Anakambirana mphindi zitatu, Gidiyoni anafunsanso ngati adye asanapite ku labu. Basi, nkhani yonse inathera pomwepo. Mphindi zitatu.

Ndinalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti anthu asamve.

Lachitatu, 15 Novembala

Chikasu 11 popanda magetsi. Akuti sichinabwerere, mawa titha kutuluka.

Adokotala andikhazika pansi. Ndilembe bwino:

Kubwera naye Lachinayi lililonse kwa mwezi ndi theka kudzayeza magazi, chifukwa atha kuchepanso. Akayera milomo, akasiya kuyamwa, akayamba kugona kwambiri, ndisadikire tsiku. Mankhwala a madzi, kasupuni kakang'ono kamodzi patsiku.

Kenako anati pali china. Chikasu chikakwera monga chinakwerera, nthawi zina chimakhudza makutu, nthawi zinanso kayendedwe. Sangadziwe lero. Andilembera kalata yokayezetsa makutu ku Lilongwe, ndipo azimuona mmene akukulira mpaka ayambe kuyenda ndi kuyankhula.

"Ndiye wachira kapena sanachire?"

"Wapulumuka, mayi. Zinazo tiziona limodzi."

Nditabwerera pabedi ndinaomba m'manja pafupi ndi khutu lake. Anali m'tulo, sanagwedezeke. Ndinaombanso. Amake Saidi anandigwira mkono. "Aphunzitsi, mwana wakhuta, musiyeni. Mudzadwala nazo." Iwo atsala, wawo sanafike makilogalamu awiri. Tapatsana manambala.

Amalume aimba, amva kwa Jenifa. Akuti aitanitse ankhoswe. Ndawauza kuti adikire, mwana ayambe walimba. Zimene a Dismas ankaopa zija, kuti anthu athetsa banja chifukwa cha magazi, palibe ndi mmodzi yemwe amene wazitchula. Amalume angofunsa kuti, "Anakubisira bwanji?"

Ndawauza amayi kuti sindibwerera kunyumba, ndikakhala kwa Jenifa ku Golomoti. Anati, "Nanga ine ndipite kuti? Adzakusambitsira mwana ndani?" Ndinati ndidzasambitsa ndekha. Anati, "Udzandikhululukira?" Ndinati sindikudziwa, ndipo sindikufuna kunena chinthu chimene sichili choona.

Lachinayi, 16 Novembala, ku Golomoti

Tatuluka 10 koloko. Sikelo 2.9, yomwe anabadwa nayo.

A Dismas anali pageti. Ananyamula chikwama mpaka kumsewu wa tala, ine ndi mwana kutsogolo, Jenifa atatifunditsa ambulera, amayi kumbuyo ndi ndowa ndi mapoto. Titafika pa siteji a Dismas anaima mbali ya ma minibasi a ku Mtakataka, ife tinawoloka. Anayang'ana chikwama, anayang'ana ife, n'kuwoloka nawo kudzapereka.

Anati akonza kabedi ka mwana, ka mlombwa, kangotsala kupaka vanishi. Anafunsa ngati angabweretse ku Golomoti. Ndinati kwa Jenifa n'kopanikiza. Anafunsa ngati angamabwere Lachinayi kudzatiperekeza kuchipatala. Ndinati chipatala n'cha aliyense.

"Ubwera liti, Katerina?"

"Sindikudziwa ngati ndibwere."

Anapempha kumunyamula. Chibadwire anamunyamula masiku atatu okha. Ndinawapatsa. Anamugwira mpaka minibasi inafika, kondakitala akukuwa Golomoti, Balaka. Pobweza mwana, kachipewa kake kanali konyowa.

Tinakhala mpando wa pafupi ndi khomo. Chitseko chinali chovuta, kondakitala anachikoka kawiri, kachitatu anachimenyetsa ndi mphamvu, phaa! Ephraim anadzidzimuka, manja onse m'mwamba, zala zotambasula, n'kuyamba kulira.

Mwina anamva. Mwina ndi kugwedezeka kwa galimoto chabe, ku Lilongwe ndiko akanene. Koma ndisanaganize n'komwe ndinali nditatembenukira kuwindo kuti ndiwauze a Dismas. Anali ataima pomwepo, amayi pambali pawo, onse akundiyang'ana pakamwa.

Ndinatembenuka n'kumuuza Jenifa.